Mbale Zakale ndi Eni Ake m'Makomo a Blantyre ndi Limbe

Munthu amene wayendapo m'nyumba zakale za ku Chitawira, ku Naperi, ku Kanjedza kapena ku Chilomoni, nyumba zija zimene eni ake analowamo akadali anyamata ogwira ntchito m'boma, kunjanji kapena m'makampani a fodya ndi tiyi, nakhalamo kufikira mutu wayera mbuu, adzakumbukira kuti pabalaza pa nyumba zambiri zotere pamakhala kabati yaitali yamiyendo inayi, yofundika kansalu koluka pamanja, ndipo pamwamba pake pali chithunzi cha ukwati ndi maluwa a pulasitiki. Adzukulu amaiyesa tebulo wamba loikapo makiyi ndi mafoni. Koma mwini nyumba, mukamufunsa mwaulemu ndi mosafulumira, adzasuntha chithunzi chija, nadzatukula chivundikiro, nadzakuonetsani gumbagumba imene inkavinitsa laini yonse zaka 50 zapitazo, ndipo m'chipinda cha m'munsi mwake, kapena m'sutukesi ya pansi pa bedi, mudzaonamo mbale zakuda zitandandalikana m'zikuto zake zonyenyeka m'mphepete.

Ambiri a anthu amenewa sadzitcha osonkhanitsa mbale monga achitira anzawo a ku London kapena ku Johannesburg, amene amayendayenda m'misika akudziwa mtengo wa mbale iliyonse pamtima, pakuti iwo sanakhalepo pansi kupangana ndi mtima wawo kuti adzaunjika chuma cha mtundu umenewu. Mbalezo zinkangobwera imodziimodzi monga umo moyo unkayendera: iyi inagulidwa ndi malipiro oyamba, iyo inachokera kwa mlamu amene anali ku Bulawayo, inayo inatsalira m'nyumba pamene bwenzi linaibwereketsa, imfa nilitenga lisanabwere kudzaitenga. Mukawafunsa mtengo wa mbale pamsika wa lero adzakuyang'anani modabwa. Koma mukawafunsa kuti mbale iyi inafika bwanji m'nyumba muno, konzekani kukhala pampando kufikira nkhuku zitalowa m'khola, chifukwa nkhani imene idzatuluke pamenepo ndi yotalika kuposa nyimbo zonse za mbali ziwiri za mbaleyo. Ine ndimakhulupirira kuti nkhani imeneyo ndiyo chuma chenicheni, ndiponso kuti ndiyo ili pafupi kutayika kuposa mbale zenizenizo.

Mbale zakale koposa zimene zikupezekabe m'makomo mwathu, zolemera m'manja ndi zosachedwa kusweka, zimene zimazungulira maulendo 78 pa mphindi ndi kuimba nyimbo imodzi yokha ya mphindi ngati zitatu mbali iliyonse, zambiri zinadza pamutu ndi paphewa pa amuna obwerera kuchokera kumwera. Kwa zaka zambirimbiri amuna a dziko la Nyasaland ankapita ku migodi ya ku Joni atalembedwa ndi Wenela, amene dzina lake latsalira pa depoti ya mabasi m'tauni ya Blantyre. Ena ankapita ku minda ndi m'matauni a Southern Rhodesia kudzera kwa Mthandizi. Ndipo enanso ochuluka ankangonyamuka okha pa ulendo wa selefu, wopanda chikalata cha munthu aliyense. Amene ankabwerera pa sitima ankadzera ku Dondo kufupi ndi Beira, nawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935, nakwera zitunda za Shire kufikira pa siteshoni ya Limbe. Ndipo munthu ankadziwika kuti wayenda bwino ngati m'katundu wake munali njinga, suti, bulangete lolemera ndi galamafoni. Mbale ankazikulunga pakati penipeni pa bulangete lija, popeza chikwama chikangogwa kamodzi pokwera sitima, malipiro a masabata angapo ankasanduka mapale.

Amalume anga anali mmodzi wa amuna amenewa, ndipo galamafoni yawo siinkakhudzidwa ndi munthu wina aliyense, angakhale akazi awo. Tsiku la Sabata masana, atabwera kutchalitchi ndi kudya nsima, ankasamba m'manja kachiwiri ndi sopo, natulutsa bokosi lija pakhonde, natsegula kachitini ka masingano kamene pachivundikiro pake panali galu wotchera khutu ku lipenga, nasankha singano yatsopano, pakuti singano yachitsulo inkabuntha ikangoimba mbali imodzi kapena ziwiri, ndipo yobuntha inkalima mbale m'malo moiimba. Kenaka ankapukusa chogwirira pang'onopang'ono, akumvera m'dzanja lawo kulimba kwa sipuling'i kuopa kuidula, ife ana titakhala kumphepete kwa mphasa, malire amene sitinkayenera kuwadumpha. Singano ikatera pambale pankayamba kuthetheka, kenaka chitoliro cha Spokes Mashiyane chinkatulukira, kapena mawu a Dark City Sisters, ndipo amalume, munthu wosaseka wamba, ankagwedeza phazi limodzi ndi kutsinzina.

M'bokosimo munali mbale ina yobenthuka m'mphepete imene sankaiimba konse, komanso sankalola kuti itayidwe. Ndinamva mbiri yake nditakula kale. Inali ya mnzawo wa kumudzi woyandikana ndi kwathu, amene ankagona naye chipinda chimodzi kukomponi, ndipo anafera pansi pamgodi naikidwa komweko m'dziko la eni. Amalume ndiwo ananyamula katundu wa malemuyo kukamtula kwa amayi ake monga mwa mwambo. Ndipo mayi wokalambayo, atalandira bulangete ndi jekete ndi ndalama zochepa zimene zinatsala, anawabwezera mbale ija, nati iye analibe choimbira, ndipo kunali koyenera kuti ikhale ndi munthu amene ankaimvera pamodzi ndi mwana wake. Sindidziwa ngati amalume ankaikonda nyimbo ya pambaleyo. Chimene ndidziwa n'chakuti anaisunga monga asungira munthu manda a mbale wake, kulimirira ndi kusesa, osayembekeza kukololapo kanthu.

Njira ya kumigodi ija inatsekeka mwadzidzidzi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yonyamula amuna obwerera kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi, ndipo Pulezidenti Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Ntchitoyo inayambiranso patapita zaka zochepa pansi pa dzina la Theba, koma siinabwererenso pa ukulu wake wakale, kufikira inatheratu mu 1988. Chotero amene akusunga mbale za Mahotella Queens ndi Mahlathini, za simanjemanje uja amene ankathyola misana m'maukwati a ku Ndirande ndi ku Bangwe, akusunganso umboni wa nyengo imene pafupifupi banja lililonse linali ndi munthu wake kumwera, ena obwerera ndi galamafoni, ena osanduka matchona osadzaonekanso.

Pamene amalume ankapukusa galamafoni yawo, kunja inali itatha kale fasho. Kampani ya Columbia ku America inatulutsa chimbale chachikulu chozungulira pang'onopang'ono mu 1948, chotha kunyamula nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi mbali iliyonse, ndipo RCA Victor inatsatira mu 1949 ndi kambale kakang'ono ka 45. Zonse ziwiri zinali za pulasitiki wopepuka wosasweka msanga. Kuno zinafika mochedwerapo, koma zitafika, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndizo zinalamulira mzinda, ndipo timbale ta 45 ndito tinachuluka popeza kalaliki kapena telala ankatha kugula kamodzi pakutha pa mwezi osagona ndi njala. Gumbagumba zina zinali za Supersonic, zopangidwa ku Bulawayo, zina zazing'ono zonyamulika zoyendera mabatire. Ndipo mwini gumbagumba anali munthu wolemekezeka m'dera lake, woitanidwa ku tiyi pate, ku chinkhoswe, ku ukwati ndi ku mowa wa Khirisimasi, kumene ankakhala pakona ndi mulu wa mbale pamiyendo, ovina akumupempha kuti abwereze nyimbo, iye n'kumachedwa dala kuti adziwike kuti ndi ndani.

Zizindikiro za nyengo imeneyo zikuonekabe pambale zomwezo kwa munthu wodziwa kuyang'ana, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapepala ka pakati pamakhala dzina la mwini wake lolembedwa ndi bolopeni mokanikiza, kawirikawiri pamodzi ndi nambala ya bokosi la kupositi ofesi ya Limbe kapena Blantyre, chifukwa mbale zinkasokonekera kumaphwando ndipo obwereka sankafulumira kubweza. Nthawi zina pamakhala maina awiri, loyamba litafufutidwa, ndipo mwini wake wa lero amangomwetulira mukamufunsa za dzina lofufutidwalo. Pachikuto pamakhala mtengo: ukakhala wa mashiling'i ndi mapeni mudziwa kuti inagulidwa isanafike 1971, chaka chimene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa paundi. Ndipo mbale ikamalira mosasa m'nyimbo imodzi yokha, zina zonse zili bwino, mwapeza nyimbo imene nyumbayo inkaikonda, mwinanso mwapeza chipsera cha mwambo uja woika ndalama yachitsulo pamutu pa singano kuti isamadumphe anthu akamavina pansi n'kumagwedezeka, nzeru imene inkapulumutsa phwando koma n'kumadya mbale pang'onopang'ono.

Palibe mulu wa mbale m'mzinda uno umene ndinaufukulapo osapezamo Jim Reeves. Mwamuna wa ku Texas ameneyu, wa mawu ofatsa ndi akuya, anafa pangozi ya ndege pa 31 Julaye 1964, mwezi womwewo umene Malawi analandira ufulu wodzilamulira, kotero kuti ambiri amene anamukonda kuno anayamba kumumvera iye ali kale m'manda. Chifukwa chimene anakhalira wapamtima wa makolo athu sichovuta kuchiona: Chingerezi chake chinkamveka liwu lililonse, choti munthu wa Sitandade 6 ankachitsata bwino, ankaimba za chikondi mwaulemu wosachititsa manyazi pamaso pa apongozi, ndipo nyimbo zake zauzimu zinkaloledwa kulira tsiku la Sabata ngakhale m'nyumba ya mkulu wa mpingo amene sakadalola rumba kulowa pakhomo pake. Pambuyo pake panadza Skeeter Davis, Dolly Parton, Don Williams ndi Kenny Rogers, koma mpando wa kutsogolo unakhalabe wa Jim Reeves.

Ndikudziwa mayi wina wamasiye ku Chilomoni, mphunzitsi wopuma pantchito, amene ali ndi chimbale chimodzi chokha cha Jim Reeves ndipo alibe choimbira, popeza gumbagumba inafa kalekale ndipo mmisiri woikonza anasowa. Chimbalecho anawapatsa malemu amuna awo asanakwatirane, m'masiku amene mnyamata sankatha kunena zakukhosi pamaso pa mtsikana ndipo ankatuma woimba kuti amunenere. Kumbuyo kwa chikuto kuli deti ndi mawu ochepa a dzanja la mwamunayo, inki itayamba kufiira. Ana awo anawaikira nyimbo zomwezo pafoni, ndipo mayiwo amazimvera ndithu, nayamika. Koma amati foniyo imangoimba nyimbo, pamene chimbale chija chinagwiridwa ndi manja a munthu. Sindinapeze choyankha pa mawu amenewo, ndipo sindikuganiza kuti chilipo.

Mbale zina zimasungidwa chifukwa cha mantha amene zinadzetsa. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo mwa zambiri zimene zinaletsedwa m'nyengo ya chipani chimodzi munali nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia, ya m'chimbale chawo cha 1970 cha Bridge over Troubled Water, popeza dzinalo linali lofanana ndi la Mayi Cecilia Kadzamira, wolandira alendo a boma kunyumba ya Pulezidenti. Oimbawo ku New York sankadziwa n'komwe za mayiwa, koma m'masiku amenewo khoma linali ndi makutu, ndipo munthu sankafunsa chifukwa. Amene anali nacho chimbalecho, atachigula kunja kapena chiletso chisanafike, amasimba kuti ankatukula singano kulumpha nyimboyo, kapena ankaimvera motsitsa mazenera atatseka, akuyang'anira kuti wa Payoniya asadutse kuseri kwa mpanda. Achinyamata a lero akamva nkhani imeneyi amaseka, ndipo n'zoona kuti ndi yoseketsa. Koma akulu amene amaisimba saseka mpaka kumapeto.

Za rumba wa Franco ndi O.K. Jazz, za kanindo wochokera ku Kenya amene anatenga dzina la mkulu wojambulitsa nyimbo Oluoch Kanindo, ndi za Devera Ngwena ya ku Zimbabwe imene inagwedeza mabala a Limbe m'zaka za m'ma 1980, sindinenapo zambiri, pakuti aliyense wa msinkhu wanga ali ndi nkhani yake pa zimenezi, ndipo zina mwa nkhanizo n'zosayenera kulembedwa m'nyuzipepala imene akazi awo amawerenga.

Chimene chimandigwira mtima ndikamafukula milu imeneyi ndi kuchepa kwa mbale za oimba a kwathu kuno. Mudzawerenga za ku South Africa, za ku America, za ku Congo ndi za ku Rhodesia mpaka kutopa, koma za Amalawi zimakwana pa zala za m'manja. Ndipo sikuti dziko linalibe oimba, pakuti linali nawo ochuluka ndi aluso. Mafakitale odinda mbale anali kutali, ku Johannesburg, ku Bulawayo, ku Ndola ndi ku Nairobi, ndipo msika wathu unali waung'ono woti amalonda sankauwerengera. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, anayendera Nyasaland ndi makina ake m'zaka za m'ma 1950, najambula oimba bangwe, kalimba, zeze ndi magitala, pamodzi ndi anyamata a De Ndirande Pitch Crooners ndi nyimbo yawo ya Elube. Koma mbale zake zoposa 200 za Sound of Africa zinapita makamaka m'malaibulale a masukulu aukachenjede, ndipo matepi ake akusungidwa ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Abale a Paseli a ku Zomba, amene anaimba za Napolo amene anasesa mzindawo mu Disembala 1946, anali mwa oyamba kumveka pambale, ndipo amene ali ndi mbale yawo lero ali ndi chinthu chosowa ndithu.

Nyimbo zathu zinkayenda ndi mphepo ya wailesi. Poyamba zinkachokera ku Lusaka, kumene wailesi ya Central African Broadcasting Station inkaulutsa m'Chinyanja, Alick Nkhata akuimba ndi kulankhula, anthu akutumiza makalata ku pologalamu ya Zimene Mwatifunsa ndi kumvera pa kawailesi kotsika mtengo ka Saucepan Special kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949. Kuyambira 1964 zinkachokera ku MBC ku Chichiri, kumene woimba ankafika ndi banjo kapena gitala yake, najambulidwa pa tepi yaikulu yozungulira, nabwerera kwawo. Nyimboyo inkamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, mwana aliyense n'kuiloweza, koma panalibe sitolo imene munthu akadaigula kuti akaiike m'kabati mwake. Ndimo mmene nyimbo zambiri za Robert Fumulani ndi Likhubula River, za Ndingo Brothers, za Lucky Stars ndi za Michael Yekha zinakhalira za fuko lonse popanda kukhala za munthu aliyense payekha. Kampani ya Nzeru, ija ya mawailesi ndi mabatire, inayesa kutulutsa mbale za oimba a kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma ntchitoyo inatha patangopita zaka zochepa. MBC Band ndi Chichiri Queens anatulutsa chimbale m'zaka za m'ma 1970, ndipo Kalimba anatulutsa Make Friends with the World kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mmene muli nyimbo ya Sometimes I Wonder imene inamveka mpaka pa BBC. Zimbale ziwirizi mukazipeza m'nyumba, mwini wake amazitulutsa pomalizira, nazigwira ndi manja awiri.

Nkhani ya abale a Kachamba ikuonetsa bwino mmene zinthu zinkakhalira. Daniel ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, anaphunzira kwela banja lawo likukhala ku Salisbury, nabwera kudzaimba m'misewu ya Blantyre, kumene katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik anakomana nawo mu 1967. Kuchokera pamenepo anayenda maiko a ku Ulaya, nyimbo zawo zinatuluka pambale kumeneko, ndipo mu 1989 nyumba yosungira zakale ya ku Berlin inatulutsa zimbale ziwiri zotchedwa Opeka Nyimbo, za oimba a kumwera kwa Malawi, zimene Kubik anakonza pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka komweko. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Ndipo munthu wofuna kugwira mbale yawo m'manja angaipeze msanga ku Vienna kusiyana ndi ku Lunzu. Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo amene anamwalira mu 1995, anamveka ku Ulaya chifukwa cha khama la Dokotala John Lwanda ndi kampani yake ya Pamtondo ku Scotland, imene inatulutsa Ana Osiidwa mu 1992. Koma apo n'kuti nyengo ya mbale zakuda itatha kale.

Inathetsedwa ndi kaseti, imene inali yotsika mtengo, yosadumpha m'minibasi, ndi yotheka kukopera kunyumba. M'zaka za m'ma 1990, pamene Paul Banda ankajambula oimba ku Balaka ndipo sitolo ya O.G. Issa ku Limbe inkadzaza ndi ogula makaseti kuti akagulitse m'misika ya dziko lonse, oimba a Chimalawi anayamba kulowa m'nyumba iliyonse, chinthu chimene mbale zinalephera kuchita, ndipo pa ichi kaseti iyenera kuyamikidwa. Koma m'zaka zomwezo mbale zambiri zinaonongeka. Zina ana anaziponya m'mwamba poseweretsa, zina anazidula kukhala mateyala a magalimoto a mawaya, zina zinakhomedwa pakhoma la bala ngati chokongoletsa, ndipo zambiri zinatayidwa kudzala pa tsiku losamuka kapena pogawa katundu wa malemu, pamene achibale ankalimbirana firiji ndi mipando, sutukesi ya mbale n'kusowa woifuna.

Zimene zinapulumuka kwa ana zili ndi adani ena. Dzuwa la Okutobala likalowa pazenera ndi kugunda mbale kwa masana amodzi okha, imapindika osawongokanso. Chinyezi cha chiperoni m'miyezi ya Juni ndi Julaye chimameretsa nkhungu m'zikuto. Chiswe ndi mphemvu zimadya mapepala, ndipo pamodzi ndi mapepalawo zimadya maina ndi madeti aja. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe, anthu anataya abale ndi nyumba, ndipo palibe amene akadaganiza za mbale pa tsoka lotere. Komabe m'matope amenewo munapita zithunzi, makalata ndi zikumbutso za mabanja zimene sizidzapezekanso. Osunga odziwa amaimika mbale zawo chilili, osazisanjikiza; amazigwira m'mphepete ndi pakati pokha; amazitsuka ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa motsata mizere yake, kupewa kunyowetsa kapepala ka pakati; ndipo mbale zakale za 78 sazikhudza ndi sipiriti, pakuti imazisungunula. Chovuta chawo chachikulu ndi singano ndi lamba wa makina, zimene ambiri amachita kuitanitsa kwa mwana kapena mphwawo wokhala ku Johannesburg kapena ku Britain, nadikira miyezi kuti wina wobwera kumudzi awatengere.

Tsopano zinthu zatembenuka m'njira imene makolo athu sakadailota. Ku America, m'chaka cha 2022, mbale zakuda zinagulidwa zokwana 41 miliyoni pamene ma CD anagulidwa 33 miliyoni, koyamba kuti mbale zipose ma CD chiyambire 1987. Oimba athu ena ayambanso kutuluka pambale, koma kunja komwe kuja: Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi babatoni wake pamodzi ndi Yosefe Kalekeni ndi gitala, amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe, anatulutsa Wasalala mu 2019 kudzera ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. M'mzinda uno mwaoneka achinyamata ena, ophunzira ndi oyendako kunja, amene akufunsa agogo awo za sutukesi ija ya pansi pa bedi, ndipo ndimakondwa nawo, ngakhale ena a iwo amakonda chikuto chojambulitsa nacho chithunzi cha pa Instagram kuposa nyimbo ya m'kati. Ku Zambia anaona kale kumene njira imeneyi imapita: mbale za gulu la WITCH ndi anzawo a m'zaka za m'ma 1970, zimene eni dziko anali ataziiwala, zinafunidwa ndi amalonda a ku Ulaya ndi ku America, zinadindidwanso ndi kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ndipo Jagari Chanda, woimba wa gululo, anabwereranso pa nsanja atakalamba. Ubwino unalipo, pakuti nyimbo zinauka kwa akufa. Koma mbale zoyambirira zambiri zinachoka m'dzikomo.

Sindingadzudzule nkhalamba ya penshoni yochepa imene yagulitsa mbale zake kuti igule mankhwala kapena feteleza, pakuti njala siidziwa mbiri, ndipo mbale ya Jim Reeves kapena ya Boney M ikachoka m'dziko muno palibe chimene fuko lataya, popeza zinadindidwa zambirimbiri ndipo zili ponseponse. Koma kambale ka Nzeru, chimbale cha MBC Band, mbale ya abale a Paseli kapena ya woimba wina wa kuno amene dzina lake silikumbukikanso, zimenezo n'zina, chifukwa mwina imene ili m'sutukesi mwanu ndi imodzi mwa zochepa zotsala padziko lonse. A MBC, mothandizidwa ndi dziko la Norway, anayamba ntchito yosamutsira matepi awo akale pa kompyuta, ndipo anachita bwino. Koma zimene zili m'makomo a anthu palibe amene anaziwerenga, ndipo eni ake akutha chaka ndi chaka. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero. Koma dambo limenelo likuuma ife tikuyang'ana, ndipo mbale yopanda mwini wodziwa mbiri yake imasanduka pulasitiki wakuda wogulitsidwa pamulu.

Chifukwa chake ndikupemphani inu amene muli ndi bambo, mayi, amalume kapena agogo osunga mbale ku Zingwangwa, ku Bangwe, ku Machinjiri kapena kwina kulikonse, kuti Loweruka likudzali mupite ndi kope ndi cholembera, mukhale nawo pansi, muzitulutsa mbale imodziimodzi ndi kuwafunsa kuti anaigula ndani, kuti, chaka chanji, ndipo inalira pa ukwati kapena pa phwando la yani. Lembani zimene akuuzeni pa kapepala, mukalowetse m'chikuto cha mbale yomweyo, osalemba pambale penipeni. Ndipo ngati alola, jambulani mawu awo pafoni pamene akusimba. Mukapeza mbale ya woimba wa Chimalawi, musafulumire kuigulitsa kwa woyamba kugogoda pakhomo: yambani mwakaionetsa ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri, ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, kapena ku MBC, kuti ngakhale idzachoke m'banja mwanu, nyimbo yake ndi dzina la woimba zikhale zitalembedwa kuno kwathu.